Ng'ombe Yodulidwa Pakati

Kwa Agogo Nabanda, m'boma la Chifunde, umapatuka pamsewu waphula wochoka ku Tete kupita kuchipata cha Cassacatiza, n'kuyenda mpaka fumbi litakufika m'mano. Kumeneko intaneti ili ndi khalidwe la mkamwini watsopano: pakhonde la apongozi sifika, imaima patali, pachulu cha kuseri kwa khola. Mwezi wa Julaye, fodya atapita kale kumsika, mdzukulu wawo Zacarias, Zaka mwachidule, anabwera kutchuthi kuchokera ku Instituto Superior Politécnico de Tete, kumene akuphunzira za makompyuta. Anabwera ndi laputopu, sola, batire lake, ndi paketi imodzi yokha ya shuga, chinthu chimene agogo ake sanachiiwale. Tsiku lachitatu anali pakhonde, mnyamata ndi makina ake, agogo akukanya dongo.

AGOGO: Amuna anga, dzuwa lafika paliwombo inu muli duu kuyang'anizana ndi galasi. Mkazi mnzanga wa ku Tete ali m'menemo?

ZAKA: Mulibe mkazi muno, Agogo. Ndili pantchito.

AGOGO: Ntchito yosatulutsa thukuta. Nanga usiku pachulu paja? A Nangozo andilawirira m'mamawa, moni wake wachidule, akuti mdzukulu wanu wabwera ndi zotani ku Tete, tamuona atakhala pachulu pakati pa usiku nkhope ikuyaka ngati ya chiphaniphani. Ine ndawayankha kuti ndi sukulu. Sanakhulupirire. Inenso sindinadzikhulupirire kwenikweni.

ZAKA: Ndimakoka mafayilo, Agogo. Ndikuthandiza anthu ena kukonza pulagini.

AGOGO: Pulagi? Ukuvutikiranji? Mwana wa a Tembo kumsika ali nawo mapulagi a njinga zamoto, amakapikula ku Katete.

ZAKA: Si pulagi, pulagini. Taonani kuno. Ichi chatsegukachi dzina lake Visual Studio Code. Anachipanga a Microsoft ku America, n'kuchitulutsa mu 2015. Ndi kope lathu ife olemba mapulogalamu. Koma eni ake anachisiyira mipata dala kuti aliyense azilumikizapo kachida kake. Kachida kolumikizako ndiye pulagini.

AGOGO: Ngati ngolo ya amalume ako. Ngolo ndi imodzi, lero amangirirapo mgolo wa madzi, mawa mabelo a fodya.

ZAKA: Pafupifupi.

AGOGO: Ukati pafupifupi ndiye kuti ndalasa, koma sukulu ikukuletsa kuvomera. Kako kamagwira ntchito yanji?

ZAKA: Kamaona kalembedwe ka Chinyanja. Alipo anthu amene amamasulira mawu a m'mafoni ndi m'mapulogalamu kuti akhale m'chiyankhulo chathu, ndipo ambiri amalembera muno. Munthu akalakwitsa liwu, kachida kathu kamalemba mzere wofiira kunsi kwake.

AGOGO: Mphunzitsi wopanda chikoti. Kathu, ukuti? Iwe ndi yani?

ZAKA: Anakayamba mayi wina wa ku Lilongwe. Pali mnyamata wa ku Chipata, wina ali ku Cape Town, kenako ine.

AGOGO: Makolo awo ukuwadziwa?

ZAKA: Sitinaonanepo ndi maso.

AGOGO: Malipiro amatumiza ndani?

ZAKA: Palibe malipiro.

Apa agogo analeka kukanya. Anapukuta manja pachitenje pang'onopang'ono, monga amachitira munthu amene wamva uthenga wa maliro koma akufuna amve kaye kuti ndi a kuti.

AGOGO: Abambo anga anagwira chibalo, kulambula misewu ya Apwitikizi popanda ndi kobiri lomwe. Koma iwo anachita kuwagwira, asipayi atawamanga chingwe m'chiuno. Iwe wadzimanga wekha, n'kugulanso chingwe ndi ndalama zako?

ZAKA: Si chibalo, Agogo. Ndi dima. Lero tilima munda uwu tonse, zokolola adya aliyense. Chilolezo chake chimanena poyera kuti aliyense atenge, asinthe, agawe, bola asafute mayina a eni.

AGOGO: Pa dima mwini munda amafulula mowa. Mowa wako uli kuti?

ZAKA: Dzina langa limalembedwa pa chilichonse chimene ndakonza. Olemba anthu ntchito ku Maputo amayang'ana zimenezo.

AGOGO: Dzina sadyera nsima. Nanga mundawo uli pamalo a yani?

ZAKA: Zonse timasunga pa GitHub. Ndi nkhokwe yaikulu ya pa intaneti, inayamba mu 2008. A Microsoft anaigula mu 2018 ndi madola 7.5 biliyoni.

AGOGO: Ohoo. Ngolo ndi ya a Microsoft, nkhokwe ndi ya a Microsoft, thukuta ndi la mdzukulu wa Nabanda.

Zaka anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Timuchitire chilungamo mnyamatayu: funso limeneli lavutitsa anthu a ndevu zoyera m'mayiko olemera, ndipo si iye woyamba kulithawira m'galasi. Mwana wina anadutsa atafumbata foni, n'kuzimiririka kuseri kwa nyumba.

AGOGO: Chabwino. Pachulupo umakoka chiyani usiku wonse?

ZAKA: Poyamba umawerenga kalata ya eni ntchito, imene imauza mlendo mmene alowere ndi zimene asachite. Kenako umachita fork.

AGOGO: Nsima ya kuno sitidyera foloko.

ZAKA: Tinene kuti mphanda. Ntchito ya mayi wa ku Lilongwe ili apo, ine ndimatengako yanga yofanana nayo ndendende, njira n'kugawikana. Ndikawononga, ndawononga yanga. Ndiye ndimaikopera mu laputopu muno ndi chida chotchedwa Git. Anachilemba Linus Torvalds wa ku Finland mu 2005. Chimakumbukira chilichonse: anasintha ndani, liti, mzere uti.

AGOGO: Chimenecho chikanakhala kubwalo kwa amfumu, milandu ya malire a minda ikanatha kale. Kapena ikanachuluka.

ZAKA: Zimenezo sizinachedwe. Chinandigoneka pachulu ndi china. Umaika Node.js, kenako umalemba mawu awiri okha, npm install. Mawu awiri, Agogo. Pulagini yathu imadalira zida za anthu ena, mwina khumi. Koma chida chilichonse chili ndi zake zimene chimadalira, nazonso zili ndi zawo. Umaitana khumi, zimabwera mazana. Zonse zimakadzazana m'chipinda chimodzi chotchedwa node_modules, n'kulemera kuposa pulaginiyo kutalitali.

AGOGO: Ukwati wa amayi ako unali choncho. Tinaitana akuchimuna asanu ndi atatu. Kunabwera lole. Wina atafunsidwa kuti ndinu yani anati ndine mlamu wa amene anabwereka mpando. Mbuzi zitatu zinatha tsiku lomwelo.

ZAKA: Ine zanditha ndi mamega. Ndipo litatsala pang'ono kutha, netiweki inathawa, foni n'kugwira ya ku Zambia. Ndinayambiranso.

AGOGO: Ndalama ya mamegawo ndi ija ndinati ugulire mchere?

ZAKA: Taonani, Agogo, ndikuonetseni kumanga kwake. Ife timalemba m'chiyankhulo chotchedwa TypeScript, koma makinawa amamva JavaScript. Ndiye pamafunika kusandutsa. Zili ngati dongo lanulo: mukaumba, mphika sunakhale mphika mpaka mutauwotcha.

AGOGO: Usandiphunzitse mbiya, iwe. Mphika wowotcha sunakhale mphika. Umaugogoda kaye, umve ngati ukulira kuti ngee kapena kuti phwa. Ukatero umaphikamo phala la gaga kuti timabowo titsekeke. Ukatero umathiramo madzi, ugone nawo. Mawa ukapeza pansi pouma, ndiye upite nawo kumsika. Ndi za mchere sindinaiwale.

ZAKA: Kugogodako ndi kumene ndikubwera. Ndikadina batani ili, F5, kumatseguka Visual Studio Code wachiwiri, wapadera, mmene pulagini yanga yosapsayi imayendera yokha. Ikaphulika, iphulikira m'menemo.

AGOGO: Nazale.

ZAKA: Eya, nazale. Popanda pafupifupi. Tsopano onani ntchito imene ndinadzisankhira. Eni ake amalemba mndandanda wa zovuta, ndipo zopepuka amaziika chizindikiro kuti mlendo ayambire pamenepo. Ndilembe liwu limodzi apa. Mukuwerenga?

Agogo anasendera, n'kutsinzinira diso limodzi.

AGOGO: Ng'ombe. Walemba bwino. Nanga magaziwo kunsiko?

ZAKA: Ndiye vutolo. Kachidaka kakuti ndalakwitsa, ndiponso kawiri. Sikakuona ng'ombe. Kakuona mawu awiri, ng ndi ombe.

AGOGO: Kadula ng'ombe pakati?

ZAKA: Pakakodo kam'mwambaka. Kakafika pamenepo kamayesa kuti liwu latha.

AGOGO: Mutu uku, thupi uko. Ombe ndiye nyama yanji? Ndipo amfumu apatsidwa mbali iti?

ZAKA: Si ng'ombe yokha. Ng'oma imasanduka ng ndi oma. M'mudzi, m ndi mudzi. Pang'ono, pang ndi ono. Ng'anga…

AGOGO: Ameneyo musiye, angakumve. Wachita zimenezi ndani? Mayi wa ku Lilongwe sadziwa ng'ombe?

ZAKA: Amaidziwa. Koma podula chiganizo kuti apeze mawu anagwiritsa ntchito mpeni umene anaupeza kale m'JavaScript. Mpeni umenewo umati liwu ndi zilembo 26 za Chingerezi, zazikulu ndi zazing'ono, manambala, ndi kamzere kapansi. China chilichonse ndi malire. Zinachokera kutali, Agogo. Mu 1963 ku America anagwirizana za ndandanda ya zizindikiro za makina, yokhala ndi malo 128 okha, ndipo anadzazamo zimene iwo ankafuna. Pambuyo pake, mu 1991, kunabwera Unicode, ndandanda yaikulu yofuna kukwanira zilembo za dziko lonse. Koma mipeni yakale ikadali m'khitchini. Ndiye ngakhale w wovala chipewa, uja wa mu Malaŵi, nayenso amadulidwa. Mukalemba maŵa, kamaona ma ndi a.

AGOGO: Mawa likadulidwa pakati ndiye ngongole zonse zatha. Usakonze pamenepo.

ZAKA: Tsopano musanandiseke, onani dongosolo. Sindiyamba ndi kukonza. Ndiyamba ndi kulemba mayeso. Ndikulemba kuti: ndikakupatsa chiganizo chakuti ng'ombe ili m'khola, undibwezere mawu atatu. Kenako ndilemba npm test. Onani. Zobiriwirazi ndi mayeso akale, akhoza. Chofiirachi ndi changa. Akuti timayembekeza atatu, tapeza asanu.

AGOGO: Ndiye ukumwetuliranji? Walephera.

ZAKA: Ndimafuna alephere. Mayeso amene sanayambe aonetsapo kufiira sungawakhulupirire. Mwina amangovomera chilichonse.

AGOGO: Ngati mboni ya a Tembo. Amfumu asanafunse n'komwe, iyo eya, ndinaona.

Kukonza kwenikweniko kunatenga nthawi yochepa kuposa kusenda mtedza wodzaza chikhatho. Zaka anasintha mzere umodzi: liwu likhale chilembo cha mtundu uliwonse chimene Unicode imachidziwa, ndipo kakodo kakakhala pakati pa zilembo ziwiri kasatengedwe ngati malire. Anayendetsanso mayeso. Zonse zinabiriwira. Anatambasula miyendo ngati munthu amene wamaliza ndime. Mtsikana wina anadutsa ndi mafoni awiri.

ZAKA: Yalumikizika ng'ombe yanu.

AGOGO: Wagogoda mbali imodzi, mbali imene waumba bwino. Aliyense amadziwa pogogoda mphika wake. Bweretsa foni yanga. Tsegula uthenga wa amalume ako a ku Joni, uja wa sabata yatha. Uike m'nazale mwakomo momwe ulili.

ZAKA: Ndi Chinyanja chomwecho, Agogo, palibe chosiyana… Dikirani.

AGOGO: Ndikuona magazi.

ZAKA: Sizingatheke. Alemba kuti musagulitse ng’ombe. Ndi liwu lomwe lija.

AGOGO: Yadukanso?

ZAKA: Yadukanso. Dikirani ndikulitse zilembo. Aa! Taonani kakodoka. Kanga n'koongoka, kawo n'kopindika ngati mchira wa nkhumba. Amalume ali ndi iPhone, imapinda yokha munthu akamalemba. Ngakhale Word imatero. Kwa ife ndi chimodzi, koma kwa kompyuta koongokako ndi nambala 39, kopindikako ndi nambala 8217. Sizidziwana n'komwe.

AGOGO: Amalume ako chipitire ku Joni zonse n'zopindika. Ngakhale malonjezo.

ZAKA: Izi mayi wa ku Lilongwe sanazilembe pamndandanda. Palibe amene anaziona. Ndiwonjezera mayeso ena, ndiuze kachidaka kuti tonse tiwiri ndi kamodzi.

AGOGO: Ulembe kuti anapeza ndi Nabanda.

Anakonza. Anawonjezeranso mayeso a liwu lotsekeredwa m'tizikodo uku ndi uku, kuopa kuti pochiritsa ng'ombe angamatirire zinyalala kumutu ndi kumchira kwa mawu ena. Zinabiriwira. Koma agogo anali atalawa nyama, ndipo munthu wolawa sabwerera ku ndiwo zamasamba msanga. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi buku lakuda lomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.

AGOGO: Lemba dzina la buku lomaliza umu. Monga lalembedwera, usakonze.

ZAKA: Cibvumbulutso. Lafiira.

AGOGO: Lemba Macitidwe.

ZAKA: Lafiira.

AGOGO: Kachida kako kakutsutsa Buku Lopatulika?

ZAKA: Limeneli ndi kalembedwe kakale, Agogo. Linamasuliridwa ku Nyasaland, linatuluka mu 1922. Kale ankalemba c yekha.

AGOGO: Kakale? Lemba cimanga. C, i, m. Si cakale cimeneco, tadya dzulo.

ZAKA: Chimanga chimalembedwa ndi ch.

AGOGO: Anakuuza ndani? Ine kuwerenga ndinaphunzira ndili ndi ana anayi, ku Ukwimi, kumsasa wa othawa nkhondo ku Petauke. Mphunzitsi wathu anali wa ku Zambia, analemba pabolodi cimanga, cinangwa, citenje, ndipo palibe anafa. Tinabwerera kuno mu 1994 ndi c wathu m'thumba. Tsopano pita kusukulu yapafupiyi ukaone mabuku a Cinyanja a ana a mlongo wako. C yemweyo.

ZAKA: N'zoona. Ku Zambia unduna wa maphunziro unavomereza kalembedwe kawo mu 1977, ndi c. Kwathu kuno akatswiri a pa Universidade Eduardo Mondlane anayamba kukhalira pansi za kalembedwe ka ziyankhulo zathu mu 1988, ndipo sukulu zophunzitsa m'ziyankhulo ziwiri zinayamba mu 2003, nazonso ndi c. Koma ku Malawi, Chichewa chitakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, bungwe loona za Chichewa linakhazikitsa ch. Ndipo mndandanda wa mawu umene pulaginiyi imayang'anamo unachokera ku Malawi.

AGOGO: Ndiye iwe, mwana wa ku Chifunde, wakhala pachulu usiku wonse, udzudzu ukukudya, kuti upange chida chouza ana a ku Chifunde kuti sadziwa kulemba chimanga chawo.

ZAKA: Mukanena choncho zikumveka moipa.

AGOGO: Nanga ndinene bwanji? Ndipo ch wakoyo, aphunzitsi ako a Chipwitikizi amamutchula bwanji? Bwera nazo. Dzina la boma lino amati chiyani pa wailesi ya ku Maputo?

ZAKA: Shifunde.

AGOGO: Shifunde! Unamva kuti kuli munthu anabadwira ku Shifunde? Chilembo chimodzi, mayiko atatu, aliyense akukoka mwendo wake. Ng'ombe ija bola inadulidwa pawiri. Pa Kulamba ku Mkaika timakhala pansi tonse pamaso pa Gawa Undi, a ku Dedza, a ku Katete, ife a kuno, mfumu ikayankhula palibe womasulira. Koma tipatseni choko, nkhondo.

ZAKA: Ndalemba mayeso a cimanga kuti ndione. Afiira, monga mwaonera.

AGOGO: Konza.

ZAKA: Si za mzere umodzi zimenezi. Pafunika malo oti munthu asankhe kuti ndikulemba Chimalawi, Chizambia kapena cha kuno. Ndiye si kungochotsa h. Mawu amene ku Malawi amalemba ntchito, ku Zambia amalemba nchito. Pafunika kukambirana ndi enawo. Mungandipatseko madzi akumwa, Agogo?

Agogo anapita kumtsuko. Sanachedwe. Pobwera anapeza galasi lonse lili biriwiri, mnyamata akuyang'ana kuphiri ngati kuli chinthu chachilendo.

AGOGO: Zapsa?

ZAKA: Zonse zobiriwira.

AGOGO: Ndisanapite zinali 14. Zobiriwira 13, chofiira chimodzi. Tsopano zobiriwira ndi 13, chofiira palibe. Chinacho chapita kuti?

ZAKA: Mumawerenga?

AGOGO: Ndakhala ndikuwerenga mbuzi madzulo alionse kuyambira amayi ako asanabadwe. Mbusa akabwera akuimba mluzu, ndimawerenga kawiri. Cimanga canga cili kuti?

ZAKA: Ndangowauza mayesowo kuti adumphe kaye pamenepo. Pali mawu ake, skip. Aliyense amachita.

AGOGO: Kumsika wa pamalire kunali mayi wina woumba, sindimutchula, ana ake alipo. Mphika ukang'aluka ankamata mng'alu ndi nsima, n'kupaka mwaye pamwamba. Wogula agogoda, iye akutsokomola kuti asamve. Anagulitsa chaka chimodzi. Chaka chachiwiri anayamba kugulitsa tomato.

ZAKA: Koma Agogo, lamulo la eni ntchito likuti pempho limodzi, nkhani imodzi. Ndikaphatikiza ng'ombe ndi cimanga andibwezera.

AGOGO: Sindinati uphatikize. Inenso mphika wong'aluka ndimagulitsa. Koma ndimanena: uwu ngwosungira mtedza, madzi ayi. Dumpha, koma ulembe pamenepo kuti wadumpha, ndi chifukwa chake, kuti wobwera pambuyo asagweremo. Ndipo ukawauze a ku Lilongwewo pamndandanda wawo wa zovuta kuti kuno kuli anthu, ndipo ali ndi c.

ZAKA: Mnyamata wa ku Chipata akondwa. Anadandaulapo kale, koma anali yekha.

AGOGO: Mutu umodzi susenza denga. Makamaka mutu wa ku Chipata. Lemba, ndikuuza ine. Uyambe ndi moni.

ZAKA: Kumeneku sitipereka moni wautali. Timangolemba vuto, njira yolionera, ndi zimene timayembekeza.

AGOGO: Ukupita kukapempha kwa mayi wamkulu, mwini munda, osafunsa n'komwe kuti ana adzuka bwanji? Anakulera ndani? Lemba: Tikuoneni mayi. Kuno tili bwino, kaya inu kumeneko. Mvula chaka chino inadula msanga.

ZAKA: Za mvula ndichotsa.

AGOGO: Moni usiye.

Moni anausiya. Kenako Zaka anasindikiza zosintha zake panthambi imene anaitcha dzina la ng'ombe, n'kufotokoza kuti chatsala ndi kutumiza pempho lakuti eni ake akoke ntchitoyo ilowe mumunda waukulu. Likafika, makina a GitHub adzayendetsanso mayeso onse paokha, pa Linux, pa Windows ndi pa Mac, chifukwa mawu akuti kwanga zikuyenda sawerengedwa ngati umboni. Zikabiriwira kumeneko, mayi wa ku Lilongwe adzawerenga mzere ndi mzere, mwina n'kubweza kuti konzanso apa.

AGOGO: Mayi ameneyo ndamukonda. Akabweza usanyanyale. Tsopano lemba liwu lomaliza m'nazalemo: sindidzakuphikiraninso.

ZAKA: Lafiira. Koma limeneli si vuto langa, Agogo. Mndandanda uli ndi phika, kuphika, anaphika. Mneni wathu amavala zovala zambiri: si, ndi, dza, ku, kenako phik, kenako ir, a, ni, nso. Kuchokera ku phika yekhayo mungatuluke mawu masauzande. Palibe mndandanda ungawakwanitse. Pafunika kuphunzitsa makina malamulo a kavalidwe. Kuli chida chotchedwa Hunspell, anachikonza László Németh chifukwa chiyankhulo cha ku Hungary nachonso chimamatiza mawu chonchi. Chili mu LibreOffice ndi mu Firefox. Tsiku lina tidzachiyesa.

AGOGO: Ndiye makina akuti liwu limenelo kulibe.

ZAKA: Pakadali pano akuti kulibe.

AGOGO: Tiona madzulo ano ngati kulibe. Dzina langa waika?

ZAKA: Kuti Git ikuwerengeni ngati mnzanga wolemba naye pafunika imelo yanu. Mulibe. Ndingolemba m'mawu ofotokozera kuti kakodo kopindika anakapeza agogo anga.

AGOGO: Agogo ali ponseponse. Ulembe Nabanda, woumba mbiya.

ZAKA: Mwati dzina sadyera nsima.

AGOGO: Lako. Langa lili ndi msika.

Laputopu inalira kamodzi, kachizindikiro ka pakona n'kufiira nako. Zaka ananyamuka kuthamangira kuseri kwa nyumba kumene anasiya batire pa sola kuyambira m'mawa. Anakhalako kanthawi. Pobwera anali atanyamula batirelo, zingwe zinayi zikulendewera, chilichonse ndi foni yake kunsonga.

ZAKA: Agogo. Batire lili mbee. Mafoni awa ndi a yani?

AGOGO: Wakudayo ngwa a Nangozo. Awiriwo a kwa a Tembo. Wosweka galasi ngwa akatekisiti, amenewo ndawachotserako pang'ono.

ZAKA: Mwawachotserako chiyani?

AGOGO: Mtengo. Enawo ndi 10 metikali foni imodzi. Chiyambire Lolemba.

Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje. Munali ndalama zachitsulo zokwana kugula mchere wa miyezi iwiri, ndi shuga wa paketi yachiwiri ija imene sinabwere kuchokera ku Tete.

ZAKA: Ndiye nditumiza bwanji pempho langa? Laputopu yatsala ndi mphindi zisanu, ndipo kuchulu n'kutali.

AGOGO: Dzuwa lilipo mawa. Ukhale pamzere, pambuyo pa akatekisiti. Chako n'chachikulu, chimadya moto wambiri, ndiye 30.

ZAKA: Sola ndi yanga, Agogo!

AGOGO: Denga ndi langa. Gwira dongo ili, ukanye, uchotsemo timiyala. Ndikuchotsera 5.